Chitenje cha kwa a Chisenga

"Ndati sapita! Mukundimva kodi, bambo a Angel?"

Anti Felesta anali asanavule n'komwe yunifolomu ya kuchipatala. Anaima pakhomo la khitchini makiyi a galimoto ali m'manja. Ine ndinali pasinki, nditawapatsa msana, ndikutsuka kapu imodzi yomweyo mobwerezabwereza.

"Mukukuwa ngati kwagwa maliro," anatero amalume Lamson ali pasofa. "Chalakwika n'chiyani? Munthu wadzipereka kuthandiza mwana pa kemisitiri, mwaulere. A Chisenga ndi katswiri wa mankhwala, zinthuzi anaziphunzira mpaka kuyunivesite. Inuyo mungamuphunzitse?"

"Mwaulere? Galu wamkota sakandira pachabe. Ana a mumpingo amene kemisitiri ikuwavuta ali mbwee. Anyamata a kwa a Chitalu aja bwanji sawaitana? Bambo woti mkazi wake anamwalira, wasankha bwanji mtsikana yekha kuti azipita kunyumba kwake Loweruka lililonse?"

"Chifukwa mtsikanayo ndiye ali ndi mutu! Tawina, tatembenuka."

Ndinatembenuka manja akudontha thovu. Amalume ndi mlongo wawo wa malemu amayi anga, ndipo ndi amene ananditenga ku Kasungu n'kundibweretsa kutsidya kwa nyanja kuno ku Ellenbrook, dera la mumzinda wa Perth. Akamandilankhula amamwetulira ndi nkhope yonse.

"Mwana wa mlongo wanga, usamamvere zonena za anthu. Iwe udzakhala dokotala wa maso, monga umanenera. Uzilota zazikulu. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Ukufuna kupita kwa a Chisenga kapena ayi?"

"Ndikufuna, amalume," ndinayankha motsitsa mawu.

"Mwamva?"

Anti anandiyang'ana kwa kanthawi. Ine ndili ndi chizolowezi choyang'ana maso a anthu, chifukwa pakamwa panga ndi polemera koma maso anga sachita ulesi. Maso a anti anali ofiira ndi kutopa, ndipo ndinaganiza kuti ndaonamo nsanje. Chibwerereni, anali asanandiuzepo ngakhale kamodzi kuti ndidzakhala dokotala. Mawu awo anali amodzi okha, m'mawa ndi madzulo: "Wawerenga?" Ankandifunsa ngati wapolisi. Mwana wawo Angel sukulu sinkamuyendera bwino, ndiye mumtima ndinati akuopa kuti mwana wamasiye adzapose wawo. Ndinatinso mwina akungofuna kuti Loweruka ndizikhala pakhomo n'kumachapa.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero anti. "Mayeso omaliza sekondale atsala milungu yowerengeka. Koma poti mwini mbumba mwalamula, ine ndine yani?"

Anaponya makiyi patebulo n'kulowa kuchipinda.

Loweruka limenelo ndinakwera sitima mpaka m'tauni, n'kusintha ina yopita ku Cannington. A Chisenga anandilandira atavala kale malaya a kuntchito. Ndi bambo wamtali, wofatsa, wa imvi zochepa m'mbalimu, ndipo amandipatsa ulemu wa munthu wamkulu.

"Pepani a Tawina, mnzanga wa kufamase wadwala, ndikamugwirire pang'ono. Ndibwera posachedwa. Achemwali anga ali m'nyumbamu."

Achemwali awowo, mayi Edda, anali atabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza kulera ana awiri aakazi a a Chisenga. Ananditenga chikwama cha mabuku n'kuchiika pamwamba pa filiji.

"Mabuku sathawa, mwanawe. Taona tsitsi la anawa, lakhala ngati chisa cha mpheta. Ine zala zinauma. Umatha kuluka?"

Ndinaluka. Nditamaliza anandipatsa nkhuku kuti ndidule. Anakhala pampando pafupi nane, osathandiza, akungoyang'ana mmene ndikudutsira mpeni m'mfundo. Nditaphika analawa msuzi, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene akugula mbuzi. Kenako anapempha madzi akumwa. Ndinawapatsa nditagwada, monga ndinaleredwera.

"Eya. Maondo akadalipo. Atsikana a kuno maondo awo ndi a chitsulo. Kodi ndiwe nachiyani?"

"Ndine Nabanda."

"Nabanda. Zili bwino, sitikugundana. Nanga kwanu unalangizidwa?"

Funso limenelo silinkakhudzana ndi kemisitiri, koma ndinadziuza kuti amayi achikulire amangofunsa chilichonse.

A Chisenga anabwera dzuwa litapendeka. Anatsegula buku langa n'kundifotokozera bwino ndithu, moti zimene zinandizunguza sabata yonse zinamveka. Koma tisanamalize tsamba lachiwiri anayamba kuyasamula, mwana wamng'ono n'kukwera pamiyendo panga, nthawi ya sitima n'kukwana. Loweruka lotsatira zinali chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa nkhuku ndinasita mayunifolomu a sukulu. Musitima pobwerera ndinkayang'ana zala zanga zonunkha sopo n'kumadzifunsa kuti kodi ndapita kukaphunzira kapena kukayesedwa. Koma ndikafika pakhomo anti n'kundifunsa kuti, "Mwaphunzira chiyani lero?" ndinkayankha kuti zambiri. Sindinkafuna kuti apambane.

Lachinayi lina anti ali kuntchito, amalume anandiitanira pabalaza. Anali ndi jumbo m'manja, ndipo anayang'ana kaye pawindo asanaitsegule.

"Dokotala wanga, taona. A Chisenga akuti ukulimbikira kwambiri, ndiye akutumizira kamphatso."

Chinali chitenje chobiriwira, cha madontho oyera ngati nthenga za nkhanga, ndi duku wake. Nsalu yolemera, yosasuluka. Chifikireni ku Perth zovala zanga zambiri zinali zosiyiridwa ndi ana a mumpingo, ndipo ichi chinali chinthu choyamba chatsopano chimene munthu anandisankhira ineyo.

"Landira ndi manja awiri. Eya, choncho. Ima pomwepo ndikujambule, tiwatumizire aone kuti walandira." Foni inathwanima. "Uvale Lamulungu kutchalitchi. Koma anti ako usawaonetse, ukuwadziwa mmene alili. Chinthu chabwino amachisandutsa mlandu."

Ndinachibisa pansi pa matiresi. Kamtima kena kankandifunsa kuti mphatso yabwino imabisidwiranji, koma ndinakatontholetsa.

Lamulungu anti anali pa shifiti ya m'mawa. Ndinavala chitenje pamwamba pa siketi, n'kumanga duku. Angel anandiyang'ana m'galimoto n'kunena m'Chingerezi chake cha m'mphuno kuti ndikuoneka ngati mayi wa munthu. Amalume anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkafunikira.

Mpingo wathu umasonkhana muholo ya lendi. Nditangolowa ndinaona mayi Edda pamzere wakutsogolo, atavala nsalu yobiriwira ya madontho a nkhanga. Pambali pawo panali ana awiri aja, madiresi awo a nsalu yomweyo. A Chisenga atanyamuka kukawerenga mawu, kolala ya malaya awo inali ya nsalu yomweyonso. M'holo monse tinalipo anthu asanu ovala nkhanga, ndipo anayi anali a banja limodzi.

Ulaliki sindinaumve. Ndinkangomva maso a amayi akundiyenda pamsana.

Titaweruka, pa nthawi ya tiyi, mayi wina anaimba nthungululu pang'ono n'kudzitseka pakamwa akuseka. Mayi Lonely Chitalu, a ku Lusaka, anandikoka dzanja.

"Iwe Tawina, kansi ndiwe wa ziii so, koma uli na nzelu! Wavomela ka? Mwamuna uja samwa moba, nyumba ni yake. Manje ukwati ni liti?"

"Ukwati wa ndani, anti?"

"Ah, iwe! Tonse tiziba. Chithunzi tinachiona pa gulupu ya azimai."

Ndisanayankhe, mayi Edda anafika n'kundikonza duku ndi manja awo, pamaso pa anthu onse.

"Chikole chakukhala bwino, mulamu. Ndinasankha ndekha ku Lilongwe. Ndinawauza achimwene kuti uyu yekha ndiye ndamuona, ana amukonda, ntchito amaitha. Usachite manyazi, tikudikira ungomaliza timayeso takoto."

Chikole. Kwathu mwamuna akafunsira mtsikana amamupatsa chinthu, ndipo mtsikana akachilandira n'kuchivala ndiye kuti walola. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Kungoti sindinaganizepo kuti chikole chingabwere m'jumbo ya kusitolo, chodzera m'manja mwa amalume, chikutchedwa mphatso ya kemisitiri.

Ndinayang'ana kumene kunali amalume. Anali pakona ndi a Chisenga, akuseka, kapu ya tiyi m'manja. Maso athu atakumana, awo anathawira pansi.

Ndinalowa kuchimbudzi, ndinavula chitenje ndi duku, n'kuzipinda bwinobwino. M'galimoto pobwerera Angel ankangofunsa chifukwa chimene aliyense wakwiyira.

Anti anafika masana. Ndinawadikira akhale pansi, avule nsapato. Kenako ndinagwada n'kuika nsaluyo patebulo patsogolo pawo. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma anatuluka ochepa.

"Anti, akuti ndi chikole. Ine sindinadziwe."

Anayang'ana nsaluyo, n'kuyang'ana ine. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndinakuuza. Sananene.

"Angel, pita kuchipinda. Bambo a Angel, tazimitsani TV."

"Mayi a Angel, musayambe. Nkhaniyi ndimati ndikuuzeni mayeso akatha."

"Mundiuze ine? Nanga mwiniwakeyu munamuuza?"

"Mwana sauzidwa zonse nthawi imodzi. Ine ndine mwini mbumba. Mlongo wanga anandisiyira mwanayu m'manja, ndipo ndiyenera kuona kumene adzagwere. Zaka zakwana, si khanda. A Chisenga ndi munthu wopemphera, sanamugwirepo ndi chala chomwe, anadzera pakhomo monga mwa mwambo. Ndalakwa chiyani?"

"Anadzera pakhomo, inu n'kumutulutsira mwana pawindo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye udokotala uja munkaimba tsiku ndi tsiku unali wa chiyani?"

Amalume anapumira m'mwamba. Kumwetulira kuja kunali kutachoka, ndipo nkhope yawo inaoneka yokalamba.

"Tiyeni tinene zoona. Udokotala kuno ana obadwira konkuno, a makolo olemera, amaulephera. Uyu wabwera dzana, Chingerezi chake aphunzitsi amachita kutchera khutu. Akalephera adzakhala chiyani? Azikasambitsa nkhalamba moyo wake wonse? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. A Chisenga alonjeza kuti akadzakhazikika, ana akadzakula pang'ono, adzamulola kuchita kakosi kena."

"Kusambitsa nkhalamba?" Anti anaseka, koma sikunali kuseka. "Mwaiwala amene munakwatira? Ine ndinasambitsa nkhalamba zaka zingati tisanagule sofa mwakhalirayo? Masana matewera a akuluakulu, ndikaweruka buku. Mayeso a unamwino ndinalephera, ndinabwereza. Ndinafa? Inuyo simunkandiperekeza kusiteshoni mutandinyamulira chikwama?"

"Inu ndi inu."

"Chabwino. Angel akadzafika msinkhu umenewu, sukulu ikumuvuta mmene ikumuvutiramu, mudzamupezera bambo wa ana awiri? Mudzamujambula atanyamula chitenje?"

"Angel ndi nkhani ina."

"Ndi nkhani ina chifukwa mayi ake ali moyo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma uyu si wa mnzanu n'komwe, ndi magazi anu."

Ine ndinali chigwadire, ndipo ndinadzimva ndikulankhula ndisanaganize.

"Amalume, mmene munkanditchula kuti dokotala, munkakhulupirira kuti ndingakhoze?"

Anatola rimoti, n'kuitembenuza, n'kuiikanso pansi.

"Mwana umamupatsa mawu okoma kuti aziyenda," anatero.

Sindinalire.

Anti anavalanso nsapato zimene anali atangovula.

"Nyamula nsalu yako, Tawina."

"Anti, mukawapatse ndinu. Ine sindingathe kulankhula pamaso pawo."

"Ine sindinalandire kanthu. Walandira ndiwe, ndi manja awiri, chithunzi chili m'mafoni a mpingo wonse. Ndikakabweza ine adzati mkazi wa a Lamson ndi wansanje, wamuletsa mwana mwayi. Mwinanso iwe wemwe unkaganiza choncho." Anandiyang'ana, ine n'kuwerama. "Chikole amabweza ndi mwini wake. Ine ndingokuperekeza. Koma ngati ukumufuna bamboyo, nena pompano, palibe akumenye."

"Sindikufuna."

"Ndiye tiye."

"Mukandichititsa manyazi mumpingo!" amalume anakuwa tili pakhomo. "Ndidzawayang'ana bwanji anthu?"

"Walira mvula walira matope," anti anayankha, n'kutseka chitseko.

Ku Cannington anatitsegulira ndi mayi Edda, akadali m'nsalu yawo ya nkhanga. Ataona chimene ndanyamula, nkhope inasintha. A Chisenga anatulutsa ana panja n'kutipatsa mipando. Ine ndinakhala pansi. Anti anapereka moni, n'kupinda manja. Onse anadikira ine.

Ndinayang'ana madontho a pansaluyo, n'kuikankhira patsogolo.

"Bambo, zikomo chifukwa cha maphunziro. Koma ichi ndinalandira ndisakudziwa tanthauzo lake. Anandiuza kuti ndi mphatso ya sukulu. Ine za banja sindinavomere, ndipo sindikuvomera. Ndikufuna kuphunzira."

"Hii!" mayi Edda anawomba m'manja kamodzi. "Chikole amabweza ngati ndiwo zowawa mchere? Wavala pamaso pa mpingo, anthu aimba nthungululu! Iwe mwana, sukulu idzakufunditsa bulangeti? Wamasiye amasankha?"

"Achemwali, taimani," anatero a Chisenga. Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo sindinapezemo ukali, munali manyazi okha. "A Tawina, mukuti simunkadziwa? A Lamson anandiuza kuti anakambirana nanu, munalola, kungoti ndinu amanyazi. Masabata onsewa ndimayesa mukudziwa chimene mukubwerera."

"Ndinkabwerera kemisitiri."

Anagwira pachipumi kwa nthawi yaitali. Kenako anatola chitenjecho ndi manja awiri, monga ndinachilandirira ine.

"Ndalandira. Pepani, a Tawina. Ndinayenera kukufunsani ndekha."

"Ndiye anawa alere ndani?" mayi Edda anafunsa. "Ine visa ikutha, ndikubwerera kumudzi."

"Anawo ali ndi bambo awo," anatero anti akunyamuka. "Uyu ndi mwananso."

Pobwerera anti sanalowere njira ya ku Ellenbrook. Anadutsa m'tauni, m'mbali mwa mtsinje, mpaka ku Nedlands, n'kuimika galimoto moyang'anana ndi chipatala chimene amagwirako ntchito. Ngakhale linali Lamulungu, achinyamata ena ankatuluka pageti, zitupa zikulendewera m'khosi, wina akudya sangweji akuyenda, wina akuwerenga pafoni mpaka kutsala pang'ono kugunda mtengo.

"Ukuwaona awo? Ndi ophunzira udokotala. Taona maso awo, poti iwe umakonda maso."

Anali otupa, ofiira ngati a anti.

"Anti," ndinatero, "inuyo mukuona kuti ndingakhoze?"

"Sindikudziwa. Ine si mneneri. Malikisi ako a kemisitiri ndawaona, ndi oipa. A masamu ali bwino. Amalume ako sananame zonse, khomo la udokotala ndi lopapatiza, mwina chaka chino sulowa."

Anti anapitiriza.

"Koma ukapanda kulowa ubwereza. Ukalepheranso pali njira zina zozungulira, zazitali, anthu amafika nazo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ine sindidzakutchula dokotala usanakhale dokotala, mawu amenewo ndi otchipa, waona wekha mtengo wake. Chimene ndingakupatse ndi ichi: kuyambira lero mpaka mayeso, mbale sutsuka, zovala suchapa. Loweruka ndikamabwera kuntchito uzikwera nane, ndizikusiya kulaibulale, ndizikutenga ndikaweruka. Pali mtsikana wina wa ku Chipata m'gulu lomweli, ndimupempha azikuonera kemisitiri. Mtsikana, wamva? Ndipo ndizikufunsa chimene wawerenga, uzindiyankha zoona."

"Nanga mbale azitsuka ndani?"

"Angel ali ndi manja. Bambo akenso ali nawo."

Ndinafuna kupepesa chifukwa cha zimene ndinkawaganizira, koma anali ataliza kale galimoto, akudandaula za mtengo wa petulo.

Masabata otsatira kutchalitchi amayi ena ankasiya kulankhula ndikamadutsa. Mayi Lonely okha anandinong'oneza kuti, "Wachita bwino, mwana, ise tinaganiza uziba." Amalume anakhala masiku osandiyang'ana. Panopa timapatsana moni, amandifunsa ngati ndadya, koma dzina lija la dokotala sanalitchulenso. Ndinkaganiza kuti ndidzalisowa. Ndinapeza kuti buku limapepuka ukamaliwerenga popanda munthu wokuimbira nyimbo kumbuyo.

Loweruka lomaliza mayeso asanayambe, ndinadzidzimuka m'bandakucha. Kukhitchini kunkamveka Angel akumenyanitsa mbale za dzulo, akudandaula m'Chingerezi kuti m'nyumba muno mulibe chilungamo. Kenako chitseko changa chinagogodedwa mwamphamvu, mopanda chisoni, monga mwa masiku onse.

"Tawina! Wawerenga?"

"Mutu umodzi wandikanika, anti."

"Ndiye ukugoneranji? Nyamula chikwama, galimoto ikulira panja."